Madzi saiwala khwawa: kuchokera ku Lambeth kukafika ku Craiglockhart

6 Novembala, London

Ndafika bwino. Achemwali anandichingamira kubwalo la ndege m'mamawa atanyamula chijekete choti ndivale, ndipo anaganiza bwino chifukwa mphepo ya kuno imalowa mpaka m'mafupa. Iwo amagwira ntchito ku Leeds, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo atenga tchuthi cha sabata imodzi kuti andiperekeze. Ine ndakhala ndikuphunzitsa mabuku a Chingerezi ku sekondale zaka zambiri. Alipo mabuku angapo a olemba a ku Britain a masiku ano amene sandichoka m'mutu, ndipo onse amabwerera pa funso limodzi: munthu amene anaona zoopsa amakhala nazo bwanji, nanga dziko lonse limasankha bwanji zoti likumbukire ndi zoti likwirire? Ndabwera kudzaponda malo amene mabukuwo amanena.

Chinthu choyamba kuchiona ndi kaduwa kofiira ka pepala kamene anthu ambiri avala pachifuwa, owerenga nkhani pa TV, oyendetsa mabasi, ngakhale ana a sukulu. Ndi nyengo yokumbukira amene anafera kunkhondo. Kwathu timadziwa mwambowu, timauona pachipilala cha ku Zomba, koma kuno uli paliponse.

Masana tinapita ku Imperial War Museum, ku Lambeth. Pakhomo pali mizinga iwiri ikuluikulu ya sitima zankhondo, yaitali moti munthu ukaima pansi pake umaoneka ngati nyerere. Nyumbayi kale inali chipatala cha amisala cha Bethlem, ndipo zinthu zankhondo anazisamutsira muno mu 1936. Zimenezi zinandikhudza. Zipinda zimene ankatsekeramo anthu osokonezeka maganizo ndi zomwezo zimene dziko likusungiramo makalata ndi zida za nkhondo zake.

Ndinabwera muno chifukwa cha Atonement, buku la Ian McEwan la mu 2001. Mtsikana wa zaka 13, Briony, mu 1935 ananamizira Robbie, mwana wa wantchito wa pakhomo pawo, mlandu wogwirira. Mnyamatayo anapita kundende, kenako kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mkulu wake wa Briony, Cecilia, amene ankakondana ndi Robbie, anaukana mtundu wake wonse. Owerenga timafika kumapeto tikuganiza kuti awiriwo anadzakumananso. Ndiye timamva mawu a Briony ali nkhalamba ya zaka 77, mu 1999, madokotala atangomuuza kuti ali ndi matenda amene adzamufufutira zonse m'mutu pang'onopang'ono. Akuvomereza kuti iye ndiye analemba zonse tawerengazi, kuti ankabwera kudzafufuza m'nyumba ino, komanso kuti kukumanako kunali kopeka. Robbie anafera pagombe pafupi ndi Dunkirk ku France mu 1940, Cecilia anafa chaka chomwecho.

Pa Dunkirk anthu a kuno amanyadira kwambiri. Asilikali pafupifupi 338,000 anapulumutsidwa pakati pa 26 Meyi ndi 4 Juni 1940, mabwato ang'onoang'ono a anthu wamba akuthandiza. McEwan, amene bambo ake analiko, sanalembe za kunyadako. Analemba za mwendo wa mwana uli lendelende mumtengo, za ludzu, za gulu la asilikali lofuna kupha mnzawo wa ndege pomuimba mlandu woti sanawateteze. Nkhani ya dziko ndi ina, zimene maso a munthu mmodzi anaona ndi zina.

Potuluka achemwali anandifunsa: "Achimwene, mwaonako chilichonse cha agogo?" Agogo athu aamuna anali m'gulu la King's African Rifles ndipo anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Ndinayankha kuti ndinayang'ana, koma nthawi inali itatha.

7 Novembala, Balham, Waterloo ndi Brixton

Takwera sitima ya pansi pa nthaka ya Northern line mpaka ku Balham. Ndi siteshoni wamba, anthu akuthamangira kuntchito, khofi m'manja. Usiku wa pa 14 Okutobala 1940 anthu mazana anabisala pansi pano kuthawa mabomba a ndege za Germany. Bomba linagwa pamsewu wa pamwamba, basi inagwera m'dzenjelo, mapaipi a madzi anaphulika, ndipo madzi ndi matope zinadzaza ngalande ya sitima. Anthu opitirira 60 anafa. Pakhoma pali chikwangwani chaching'ono chowakumbukira. Ndinaima pamenepo mphindi zingapo ndipo sindinaone munthu wina akuchiyang'ana. Sindikuwadzudzula ayi. Munthu sangalire tsiku ndi tsiku panjira yopita kuntchito.

Apa ndi pamene McEwan anaikapo imfa ya Cecilia. Ana anga a sukulu amakwiya naye Briony. Chaka chilichonse pamapezeka wina wonena kuti: "Aphunzitsi, ameneyu ananama kawiri, poyamba kupolisi, kenako kwa ife." Ndimagwirizana nawo theka. Bodza lachiwirilo silinabweze munthu aliyense, ndipo Briony akudziwa zimenezo. Koma ndimaonanso mayi amene wasenza mlandu zaka 64, ndipo tsopano kuiwala kukubwera kudzamulanda ngakhale mlanduwo. Akuthamanga kuti aulembe matenda asanamupeze. Paja akuluakulu amati mlandu suola, koma mwini mlandu amakalamba.

Achemwali anandiuza kuti kuntchito kwawo amaona zimenezi sabata iliyonse. Gogo amene sazindikiranso mwana wake womubereka yekha, akamva chitseko chikumenyeka mwamphamvu amadzipinda n'kubisa mutu. Ali mwana anagonapo m'maenje othawira mabomba. "Dzina lake analiiwala," anatero achemwali, "koma thupi likukumbukirabe."

Kuchokera kumeneko tinapita ku siteshoni ya Waterloo kukaona chipilala cha Windrush chimene anachitsegulira pa 22 Juni 2022: bambo, mayi ndi mwana ataima pamwamba pa masutikesi, atavala zovala za tchalitchi. Sitima ya Empire Windrush inafika ku Tilbury mu Juni 1948 itanyamula anthu ochokera ku Caribbean. Mmodzi mwa iwo anali bambo ake a Andrea Levy, amene analemba Small Island mu 2004. M'bukumo Gilbert, wa ku Jamaica, anatumikira m'gulu la ndege la Britain nthawi ya nkhondo. Amadziwa mitsinje ndi mizinda ya England pamtima chifukwa anaziloweza kusukulu. Atafika anapeza kuti anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti Jamaica ili kuti. Bala lake silinachokere kwa mdani. Linachokera kwa amene anawamenyera nkhondo, pamene anamutsekera zitseko ndi kumuuza kuti abwerere kwawo. Levy anamwalira mu 2019, ataona zimene zinaululika mu 2018, kuti ana a mbadwo umenewo, anthu okhala kuno zaka 50, ena anachotsedwa ntchito, ena anatsekeredwa, ena anathamangitsidwa m'dziko chifukwa chosowa mapepala. Makadi olembedwa pamene ankalowa m'dziko, amene akanawachitira umboni, boma linali litawawononga mu 2010.

Madzulo tinadya ku Brixton. Pabwalo la Windrush Square pali chipilala cha asilikali a ku Africa ndi ku Caribbean a nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse. Chinaikidwa mu 2017, patapita zaka 72 nkhondo yachiwiri itatha. Achemwali anachigwira ndi dzanja n'kunena kuti, "Agogo ali apa basi."

8 Novembala, London

Mvula tsiku lonse. Tinangodutsa pa Trafalgar Square kuti ndione nsanja imene panaima chiboliboli cha John Chilembwe, chosemedwa ndi Samson Kambalu, kuyambira mu 2022 mpaka mu 2024. Pano pali china. Kenako tinayenda wapansi kutsika Whitehall mpaka pa Cenotaph, manda opanda mtembo amene mfumu imaikapo nkhata chaka chilichonse. Mapazi ananyowa, tinabwerera msanga. Usiku ndinawerenganso mitu iwiri ya buku limene ndikalinyamule mawa m'sitima.

9 Novembala, m'sitima yopita ku Edinburgh

Tanyamuka ku King's Cross m'mawa. Ulendo ndi wa maola anayi ndi theka. Titadutsa Peterborough nkhungu inaphimba minda yonse, mitengo ikungooneka nsonga zokha, ndipo ine ndinali ndi The Buried Giant pamiyendo.

Kazuo Ishiguro anabadwira ku Nagasaki mu 1954 ndipo anabwera ku England ali ndi zaka 5. Mayi ake anapulumuka bomba la atomiki. Buku limeneli analitulutsa mu 2015, zaka ziwiri asanalandire mphotho ya Nobel. Linalembedwa ngati nthano ya kumudzi. Dziko lagwidwa ndi nkhungu yoiwalitsa, anthu sakumbukira ngakhale za dzana. Nkhalamba ziwiri, Axl ndi mkazi wake Beatrice, zanyamuka kukafuna mwana wawo amene sizikumbukira bwino kuti anachokeranji. Pang'onopang'ono zimadziwika kuti nkhunguyo ndi mpweya wa chinjoka, ndipo inaikidwa dala nthawi ya mfumu Arthur. Anthu ake, a mtundu wa Briton, anapha akazi ndi ana a mtundu wa Saxon, pangano la mtendere lilipo, ndiye kuiwala kunabwera kuti pasakhale kubwezera. Mitundu iwiriyo ikukhala moyandikana mwamtendere chifukwa siikumbukira. Chinjokacho chikafa, aliyense akumbukira amene anapha amayi ake.

Chimene chimandisowetsa tulo m'bukuli ndi chakuti Ishiguro anamanga nkhani ya dziko ndi nkhani ya banja pa chingwe chimodzi. Beatrice akufuna nkhungu ichoke kuti akumbukire masiku awo abwino. Axl akuopa. Akudziwa mumtima kuti pansi pa chikondi chawo palinso kusakhulupirika ndi mkwiyo, ndipo mwina zaka za kuiwala ndi zimene zinapoletsa chilondacho. Wolembayo sakutiuza kuti wolondola ndani. Iye mwini ananenapo kuti polemba ankaganiza za Bosnia ndi Rwanda, kumene anthu oyandikana nyumba anadzukirana.

Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi nkhungu imeneyi timaidziwa. Itatha referendamu ya mu 1993, kwathu sikunakhale komishoni yomvetsera choonadi ngati ya ku South Africa. Ena analandira chipukuta misozi, ambiri anangokhala chete, ndipo wonenera mnzake ndi wonenezedwa anapitiriza kukumana pamaliro ndi pachigayo. Ndinawafunsa achemwali ngati chinali chinthu chabwino. Anayang'ana pazenera nthawi yaitali. "Amene anataya munthu ndiye angayankhe, achimwene. Ife tisawayankhire."

Sitima itaima pa Darlington dzinalo linandikumbutsa buku lina la Ishiguro, The Remains of the Day, limene linapata mphotho ya Booker mu 1989, ngakhale nyumba ya Darlington Hall ya m'bukumo ndi yopeka ndipo ili kummwera. Stevens, mkulu wa antchito a m'nyumba, akuyenda pagalimoto mu 1956 akudziuza kuti anatumikira munthu wamkulu. Bwana wakeyo anali bwenzi la a Nazi, ndipo atalamula kuti atsikana awiri achiyuda achotsedwe ntchito, Stevens anamvera. Bambo ake anamwalira m'chipinda cham'mwamba iye akuthira vinyo alendo. Palibe chinjoka m'bukuli. Nkhunguyo Stevens amaipanga yekha ndi mawu aulemu.

Tinaona tchalitchi chachikulu cha Durham pamwamba pa phiri, milatho ya Newcastle, kenako nyanja yotuwa kudzanja lamanja mpaka ku Berwick. Dera lino ndi kwawo kwa wolemba mabuku Pat Barker, amene anabadwira ku Thornaby-on-Tees mu 1943. Mawa ndi tsiku lake.

10 Novembala, Craiglockhart

Lero ndi limene ndinadzera. Basi imachoka pakati pa mzinda wa Edinburgh kulowera kummwera chakumadzulo, ndipo nyumbayo imaonekera patali, yamiyala yotuwa, yokhala ndi nsanja pakati, phiri lili kumbuyo. Inamangidwa cha m'ma 1880 ngati malo ochiritsira anthu olemera ndi madzi. Kuyambira mu 1916 mpaka mu 1919 inali chipatala cha maofesala amene nkhondo yoyamba ya padziko lonse inawasokoneza mutu. Lero ndi gawo la Edinburgh Napier University, ndipo ophunzira za bizinesi amadutsa ndi malaputopu awo m'makonde omwewo. Muli chipinda chimene asungiramo mabuku, makalata ndi zithunzi za alakatuli a nkhondo.

Matendawo ankawatchula shell shock, poganiza poyamba kuti kuphulika kwa mabomba kumagwedeza ubongo. Amuna opanda bala lililonse ankanjenjemera, kuchita chibwibwi, kufa miyendo, kukuwa usiku. Akuluakulu ena a asilikali ankati ndi mantha chabe. Asilikali 306 a Britain ndi maiko ake anawomberedwa ndi anzawo pa milandu monga kuthawa ndi mantha, ndipo anakhululukidwa mu 2006.

Mu Julaye 1917 Siegfried Sassoon, mlakatuli ndi ofesala amene anali ndi mendulo ya kulimba mtima, anatumiza kwa akuluakulu ake kalata yokana kupitiriza nkhondo, akunena kuti amene ali ndi mphamvu yoithetsa akuitalikitsa dala. Kalatayo inawerengedwa m'nyumba ya malamulo. M'malo momuzenga mlandu anamutumiza kuno, kuti anthu aziti wadwala. Dokotala wake anali W. H. R. Rivers. Kunonso ndi kumene mlakatuli Wilfred Owen, amene anafika mu Juni ndipo ankakonza magazini ya odwala yotchedwa The Hydra, anakumana ndi Sassoon mu Ogasiti. Ndakatulo zimene ana amaloweza lero zinayambira m'zipinda zino, zina zili ndi zokonza za dzanja la Sassoon. Owen anabwerera kunkhondo n'kuphedwa pa 4 Novembala 1918, kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo ithe.

Pat Barker anatenga anthu enieniwa n'kuwasakaniza ndi opeka m'mabuku atatu: Regeneration mu 1991, The Eye in the Door mu 1993, ndi The Ghost Road limene linapata Booker mu 1995. Analeredwa ndi agogo ake, ndipo agogo aamunawo anali ndi chipsera cha benete, mpeni wa kunsonga kwa mfuti, chimene ankachiona akamasamba, koma za nkhondo sankanena. Nditamva zimenezo koyamba ndinamva ngati akunena za pakhomo pathu.

Rivers ankakhulupirira kuti malangizo amene asilikali ankapatsidwa, oti aiwale ndi kuganiza zabwino zokhazokha, ndiwo ankakulitsa matendawo. Chimene munthu wachikankha masana chimabwera usiku m'maloto. Anakamba zimenezi pamaso pa madokotala anzake ku London mu Disembala 1917. Mankhwala ake anali kukhala pansi ndi wodwala, kumvetsera, ndi kumuthandiza kuyang'ana chinthucho pang'onopang'ono, dzuwa likuwala. M'buku la Regeneration muli Burns, amene bomba linamuponya n'kugwera chamutu pamimba ya mtembo wowola, ndipo kuyambira pamenepo chakudya chilichonse amasanza. Muli Billy Prior, mwana wa anthu osauka amene anakwera kukhala ofesala, amene wafika wosalankhula ndipo amayankha polemba papepala. Mulinso dokotala wina weniweni, Lewis Yealland wa ku Queen Square ku London, amene ankatsekera wodwala m'chipinda n'kumamuwotcha ndi magetsi kukhosi mpaka atalankhula.

Barker akanatha kungoti uyu ndi dokotala wabwino, uyo ndi woipa. Sanatero, ndipo apa ndi pamene ndimamulemekeza. Rivers ataona zimene Yealland akuchita, usiku analota iye mwini akulowetsa chitsulo m'kamwa mwa munthu. Anazindikira kuti onse awiri akugwira ntchito imodzi, yokonza amuna kuti abwerere kumalo kumene kunawaphwanya. Chibwibwi ndi kunjenjemera zinali njira ya thupi yokanira nkhondo, ndipo iye mwa chifundo chake ankaitseka pakamwa. Sassoon anabwereradi kunkhondo.

Ndinatuluka panja n'kukwera phiri la kumbuyo. Mzinda wonse umaoneka, nyanja ili patali. Ndili pamwambapo ndinaganiza za kalata ina. Mu Novembala 1914, zaka pafupifupi zitatu Sassoon asanalembe yake, Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene anthu akuda osauka akufera nkhondo yosakhala yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana, pamene nthawi ya mtendere sawerengedwa. Magazi anali atakhetsedwa kale ku Karonga mu Seputembala. Boma linaipondereza kalatayo. Sassoon anapatsidwa dokotala womumvetsera. Chilembwe anaphedwa mu Febuluwale 1915, kuukira kwake kutalephera.

Makolo athu nkhondo imeneyo anaitcha ya Chiwaya. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali m'tchire la East Africa, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi malungo. Mu 2021 bungwe loyang'anira manda a nkhondo la Commonwealth linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo nduna ya zachitetezo inapepesa m'nyumba ya malamulo. Amene anabwerera kumudzi akunjenjemera sanapeze Craiglockhart.

Barker sanalembe za ife, ndipo sindikumuimba mlandu, analemba zimene zinali pakhomo pake. Komabe m'buku lachitatu anatsegula zenera. Rivers asanakhale dokotala wa asilikali anakakhala ku zilumba za Solomon mu 1908 kuphunzira miyambo ya anthu, ndipo ali pakati pa odwala ake amakumbukira sing'anga wa kumeneko ndi mmene anthuwo ankalankhulira ndi mizimu ya akufa awo. Akuyamba kukayika ngati anthu a kwawo amadziwa kulira maliro.

11 Novembala, Edinburgh

Nthawi ya 11 koloko tinali ku Princes Street Gardens, pafupi ndi nsanja ya Walter Scott. Paudzu abzalapo timitanda tating'onoting'ono tambirimbiri, kalikonse ndi kaduwa kake kofiira. Chiboliboli cha David Livingstone chili pomwepo. Anthu anaima duu mphindi ziwiri. Bambo wina wachikulire pafupi nane, mamendulo pachifuwa, milomo yake inkagwedera koma mawu osatuluka.

Kukhala chete kumeneku n'kolemekezeka, ndipo ndinaima nawo ndi mtima wonse. Koma nditawerenga Barker sindingathenso kukumva ngati chinthu chimodzi. Kulipo kukhala chete kwa ulemu, kulipo kwa Prior amene mawu anamuthawa, kulipo kwa Stevens amene sakufuna kudziwa, kuliponso kwa makadi owonongedwa. Harry Patch, msilikali womaliza wa Britain amene anamenya nkhondo yoyamba ya padziko lonse m'ngalande zobisalamo asilikali, anakhala zaka pafupifupi 80 osanena kanthu, n'kudzayamba kulankhula atakwanitsa zaka 100. Anamwalira mu 2009. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake mabukuwa anatuluka nthawi imeneyi, kuyambira m'ma 1980 kupita mtsogolo. Eni nkhani anali kutha, ndipo zidzukulu zinatsala ndi zipsera zimene zinaona koma osauzidwa chiyambi chake.

Lipenga litalira, ine maganizo anathawira kwathu. Mganda, malipenga ndi beni ndi magule amene anatengera perete wa asilikali: mizere, zovala zoyera, maudindo, zipanda zolira ngati malipenga. Agogo anali katswiri wa mganda. Pabwalo ankaguba akuseka, fumbi lili koboo. Mwina nkhondo yathu tinaisunga m'miyendo.

12 Novembala, Leeds

Tafika kunyumba kwa achemwali usiku. Anaphika nsima ya ufa umene ndinabwera nawo, ndi usipa. Mvula inayamba kugunda pazenera, ndipo ine ndinati ikundikumbutsa agogo. Mvula yamphamvu ikagwa usiku iwo sankagona. Ankatuluka n'kukhala pakhonde atafunda bulangeti mpaka mbandakucha. Ana tinkauzidwa kuti akulondera nkhokwe. Nditakula ndinawerenga kuti asilikali a ku East Africa, a kwathu ali momwemo, anatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 m'nyengo ya mvula yosalekeza, m'matope, malungo ali ponseponse.

Achemwali anaika supuni pansi. Iwo ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndiwo ankagona kunyumba kwa agogo.

"Inu mukukumbukira khonde," anatero. "Ine ndikukumbukira dzina."

Anati usiku wa mvula, asanatuluke panja, agogo ankaitana munthu. Dzina lake linali limodzi lomwelo zaka zonse, dzina la Chiyao, ndipo m'banja mwathu munalibe munthu wotero. Ankaitana motsitsa, ngati mmene umaitanira mnzako amene watsalira m'mbuyo panjira. Agogo aakazi ankangoti, "Gonani, wafika kale." Tsiku lina achemwali, ali ndi zaka 12, anafunsa kuti ameneyo ndani. Agogo anawayang'ana n'kunena kuti, "Anali wamng'ono kwa ine," ndipo anatenga khasu n'kupita kudimba.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zaka zonsezi. Anati ankaganiza kuti ndikudziwa, popeza tinakulira bwalo limodzi.

Ndalilemba dzinalo mkati mwa chikuto cha Regeneration. Achemwali akuti amalume aang'ono, amene atsala okha mwa ana a agogo, amasungabe kabuku ka usilikali m'sutikesi yachitsulo, ndipo nambala ya gulu lawo iyenera kukhala mmenemo. Tawaimbira foni koma sinalowe, kwathu kunali kutada kale. Tiyesanso mawa m'mawa achemwali asanapite kuntchito.